Mmene Mungachepetsere Kupweteka kwa Khosi, Mapewa ndi Chigongono

Kupweteka kwa khosi, mapewa ndi chigongono nthawi zambiri sikuchokera ku matenda oopsa, koma ku ntchito imene thupi limagwira mobwerezabwereza, kapena ku kukhala mosasuntha kwa nthawi yaitali. Khosi lili ndi timafupa 7 tokha, ndipo limanyamula kale mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5. Mayi amene wasenza ndowa ya malita 20 wawonjezera makilogalamu ena 20 pa timafupa tomweto, ndipo telala amene wawerama pa makina kuyambira m'mawa, kapena wophunzira amene wazyolika pa foni, amachititsa minofu ya kunkhongo kukoka mutu kwa maola ambiri osapumula. Ululu wotere umachepa munthu akasintha kagwiridwe ka ntchito ndi kupitiriza kuyendetsa chiwalo chopwetekacho pang'onopang'ono. Kugona tsiku lonse ndi kumwa mapiritsi okha sikuthetsa vutoli.

Musanayambe kudzithandiza pakhomo, onetsetsani kuti ululu wanu suli m'gulu lofunika chipatala tsiku lomwelo. Khosi louma limene labwera pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza, kusokonezeka maganizo kapena kulephera kuyang'ana kuwala likhoza kukhala chizindikiro cha matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga, ndipo munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ayenera kusamala kwambiri ngakhale thupi lisanatenthe. Ululu wa paphewa, mkono kapena chibwano umene wabwera ndi kuthina pachifuwa, thukuta ndi phuma ukhoza kuchokera ku mtima. Munthu amene wagwa pa njinga yamoto, mumtengo kapena wachita ngozi ya galimoto n'kumadandaula khosi asapotoledwe kapena kukhalitsidwa tsonga. Agonekedwe mowongoka, mutu ugwiridwe kuti usagwedezeke, ndipo anyamulidwe chomwecho. Pitaninso kuchipatala ngati mkono ukufooka, zinthu zikupulumuka m'manja, miyendo ikulemera poyenda, mkodzo ukutuluka wokha, kapena ngati chigongono kapena phewa latupa, latentha ndipo simungaligwedeze n'komwe. Ululu umene sukusiya usiku, wotsagana ndi kuwonda, kutuluka thukuta pogona kapena zotupa m'khosi, uyenera kuyezedwa chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana.

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, masiku oyambirira cholinga chikhale kuchepetsa ululu kuti muthe kuyendetsa chiwalocho. Pamene minofu yakungika, kuthowa kumathandiza: viikani kansalu m'madzi ofunda, kafinyeni, ndipo kaikeni pamalopo kwa mphindi 15 mpaka 20, kawiri kapena katatu pa tsiku. Madziwo muyambe mwawayesa ndi dzanja, makamaka pothowa munthu wokalamba kapena wodwala shuga, amene khungu lake silimva kutentha msanga. Pamene mwabinya kumene ndipo patupa, chozizira ndiye chabwino, chokulungidwa m'nsalu, kwa mphindi 10 mpaka 15. Kutikita minofu ndi mafuta kumapereka mpumulo wa kanthawi ndipo palibe choletsa, koma kukhale kofatsa, ndipo musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kukupotolani khosi mwamphamvu kuti lilire. Kutema mphini sikufika pa mnofu umene ukupweteka, ndipo lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa matenda.

Khosi

Khosi louma limafuna kuyendetsedwa kangapo pa tsiku, kufika pamene mwayamba kumva kukoka koma osapitirira mpaka kubaya. Khalani mowongoka, tembenuzani mutu pang'onopang'ono kumanja ngati mukuyang'ana wina amene ali kumbuyo kwa phewa, bwererani pakati, kenako kumanzere. Mukatero pendeketsani mutu kuti khutu liyandikire phewa, phewalo lisakwere kudzakumana nalo, ndipo khalani chomwecho kwa masekondi 20 mbali iliyonse. Chofunika kwambiri kwa anthu owerama ndi kubweza chibwano: maso akuyang'ana kutsogolo, kokerani chibwano m'mbuyo molunjika, osaweramitsa mutu, gwirani kwa masekondi 5, ndipo bwerezani maulendo 10. Zimenezi zimalimbitsa timinofu ta mkati mwa khosi timene timafooka mutu ukazolowera kutsogola. Mukamva chizungulire kapena dzanzi likutsikira m'mkono, lekani.

Zolimbitsa thupi sizingapambane ngati ntchito ikupitirira monga kale. Wogwira ntchito pa kompyuta akweze sikirini kuti m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso, ngakhale poisanjika pa mabuku, ndipo aziimirira pakatha mphindi 30 zilizonse. Foni ikwezedwe kufupi ndi nkhope m'malo motsitsira nkhope ku foni, ndipo isapanidwe pakati pa khutu ndi phewa manja akugwira zina. Wosenza madzi kapena nkhuni agwiritse ntchito nkhata yokhuthala, apemphe wina kumusenzetsa ndi kumutula, ndipo masiku amene khosi likupweteka ndi bwino kuyenda maulendo awiri ndi katundu wochepa kusiyana ndi ulendo umodzi wolemetsa. Nthawi yotula ndi yosenza ndi imene khosi limavulala kawirikawiri, chifukwa limapindika katundu ali pamutu. Pogona, pilo akhale mmodzi wodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa ngati mwagona chammbali. Kugona chafufumimba kumasiya khosi litapotoka usiku wonse. Nkhawa nayonso imakweza mapewa munthu osazindikira, choncho amene khosi limamuuma nyengo ya mavuto a pakhomo kapena a kuntchito asadabwe, ndipo kupuma mozama ndi kutsitsa mapewa mwadala kangapo pa tsiku kumathandiza.

Phewa

Phewa limayenda mbali zambiri kuposa mfundo ina iliyonse m'thupi, ndipo limadalira minofu 4 yaing'ono imene imagwira mutu wa fupa la mkono kuti usachoke m'malo mwake. Minofu imeneyi ikatopa ndi kusinja, kupaka penti, kupulasitala kapena kuyanika zovala pa chingwe chachitali, munthu amamva ululu kunja kwa mkono akaukweza chammbali, povala malaya, ndiponso akagonera mbali imeneyo. Cholakwika chachikulu chimene anthu amachita ndi kumangirira mkono pachifuwa ndi chitenje kwa milungu, chifukwa phewa losayendetsedwa limauma msanga, ndipo kulimasula kumatenga nthawi yaitali kuposa kuchiza ululu woyambawo.

Yambani ndi kulendewetsa mkono. Weramani pang'ono, dzanja labwino litatsamira pa tebulo, mkono wopwetekawo ulendewere momasuka, ndipo uzungulitseni pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi. Kenako imani moyang'anana ndi khoma ndi kukwereza zala m'mwamba mpaka pamene ululu wayamba, ndipo ikani chizindikiro pakhomapo kuti muone ngati mukukwera mlungu ndi mlungu. Mukhozanso kugona chagada, kugwira ndodo ndi manja onse awiri, ndi kulola mkono wabwino kukweza wodwalawo kupita kumutu. Ululu ukayamba kuchepa, limbitsani minofu ija: imani pambali pa khoma, chigongono chitapindika ndipo chitagunda m'nthiti, kankhani khomalo ndi kuseri kwa dzanja kwa masekondi 10, maulendo 5 mpaka 10. Kupweteka pang'ono pochita zimenezi si vuto malinga ngati kwazilala pofika tsiku lotsatira. Kukapitirira, ndiye kuti mwachita mopitirira muyeso ndipo muchepetse.

Pali mtundu wina wa vuto la phewa umene umafuna kuleza mtima kwapadera. Phewa limayamba ndi ululu waukulu wa usiku, kenako limauma moti ngakhale munthu wina atayesa kukweza mkonowo sukwera, ndipo kufikira kumsana kapena kupesa tsitsi kumakanika. Vutoli limagwira kwambiri anthu a zaka za pakati pa 40 ndi 60, makamaka odwala shuga, ndipo likhoza kutenga chaka chimodzi mpaka zitatu lisanamasuke. Amene phewa lamuuma motere popanda kuvulala ndi bwino akayezetse shuga, ndipo asalole kukokedwa mkono mwankhanza poganiza kuti ufulumira kumasuka.

Chigongono

Ululu wa pakafupa kotuluka kunja kwa chigongono, umene umabaya pofinya zovala, potakasa nsima, pokweza ketulo kapena popereka moni wa dzanja, umachokera pamene minofu yokweza dzanja imamatirira ku fupa. Ngakhale ululuwo uli pachigongono, chimene chikuuyambitsa ndi kufumbata mwamphamvu ndi kupotokola dzanja. Nyamulani zinthu chikhatho chitayang'ana kumwamba ndiponso pafupi ndi thupi, kulungani nsalu kapena mphira pa mpini wa khasu, hamala kapena mthiko kuti ukhale wonenepa ndipo usafune kufumbata kwambiri, ndipo zovala zolemera monga mabulangete muzifinya anthu awiri. Pofuna kulimbitsa, gonekani mkono pa tebulo, dzanja litapitirira m'mphepete ndipo chikhatho chitayang'ana pansi, gwirani botolo la madzi la theka la lita, kwezani dzanjalo mothandizidwa ndi linzake, kenako litsitseni lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 5. Bwerezani maulendo 10 mpaka 15, magawo atatu, tsiku lililonse. Vutoli limachedwa kutha, kawirikawiri miyezi 6 mpaka zaka 2, ndipo jakisoni wa pachigongono amachotsa ululu kwa milungu yochepa koma nthawi zambiri umabweranso. Dzanzi la chala chaching'ono ndi choyandikana nacho ndi nkhani ina: limabwera mtsempha wodutsa mkati mwa chigongono ukapanikizika, choncho pewani kutsamira chigongono pa tebulo kapena pa zenera la galimoto, ndipo usiku kulungani thaulo pachigongono kuti chisapindike kwambiri.

Pa nkhani ya mankhwala, munthu wamkulu akhoza kumwa Panado mapiritsi 2 a mamiligalamu 500 pakatha maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24, ndipo akumbukire kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi mankhwala omwewo mkati. Brufen, diclofenac ndi Indocid ndi a gulu limodzi ndipo sayenera kuphatikizidwa. Amwedwe munthu atadya, kwa masiku ochepa okha. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, la mtima, kuthamanga kwa magazi kapena mphumu, amayi oyembekezera, ndi amene akumwa ma ARV afunse kaye dokotala kapena wa ku famase asanamwe mankhwala a gulu limeneli.

Khosi louma wamba limayamba kumasuka m'masiku ochepa, pamene phewa ndi chigongono zimatenga milungu. Ngati patha milungu 4 mpaka 6 mukuchita zonsezi popanda kusintha, kapena ululu ukuwonjezeka, pitani kuchipatala ndipo funsani ngati angakutumizeni kwa a mafizo, akatswiri ochiza poyendetsa ndi kulimbitsa ziwalo, amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Musakhumudwe dokotala akapanda kukujambulani, chifukwa X-ray imaonetsa mafupa osati minofu, ndipo anthu ambiri achikulire amene samva ululu ulionse amaoneka ndi mafupa a khosi operepeseka akajambulidwa. Chimene chingamuthandize kwambiri dokotalayo ndi kumufotokozera bwino tsiku limene ululu unayamba, ntchito imene mumagwira, kayendetsedwe kamene kamauwonjezera, ngati umakudzutsani usiku, ndi mayina a mankhwala onse amene mwamwa kale.