Mfuti ya mapeleti yothana ndi makoswe kuseri kwa nyumba, osathamangira yamphamvu

Anthu ambiri akafuna kugula mfuti ya mpweya, yoponya tizipolopolo tamtovu totchedwa mapeleti, funso loyamba limakhala loti yamphamvu kwambiri ndi iti, wogulitsa naye amangoloza katoni yolembedwa 1200 fps, kutanthauza liwiro la mafiti 1200 pa sekondi, basi ndalama zatuluka. Koma ngati vuto lanu ndi makoswe amene akuboola matumba a chimanga, kukwera pa thandala la usipa usiku kapena kusautsa anapiye m'khola, yamphamvuyo simukuifuna ayi. Khoswe mumamuwombera pa mtunda wa mamita 8, 10, mwina 15 mukatalikitsa, nde mphamvu yotsalayo imangopita kwa aneba.

Musanatulutse ndalama pitani kaye kupolisi ya Mangochi mukafunse za mtundu umene mukufunawo, poti nkhani za ziphaso za mfuti m'dziko muno zili m'manja mwa apolisi, ndipo chinthu chooneka ngati mfuti si chongobwera nacho mu basi kuchokera ku Joni ngati wailesi. Mukagula musamayende nayo pamsewu osaikulunga, munthu ali patali sangasiyanitse ndi yeniyeni, ndipo mukudziwa mmene anthu amasonkhanirana msanga wina akakuwa kuti wakuba. Aneba auzeninso, ndi achitetezo a m'dera lanu omwe.

Tsopano za mphamvu. Ku Germany mfuti ya mpweya imene munthu wamkulu amagula popanda chiphaso imalekezera pa majulo 7.5 (julo ndi muyeso wa mphamvu), ku England ndi Wales malire ndi 12 ft-lb omwe ndi pafupifupi majulo 16. Pakati pamenepa ndi pamene muyenera kuyang'ana, ndipo ine ndimakonda chakumunsiko. Ya majulo 7.5 imaponya peleti ya theka la galamu pa liwiro la mamita pafupifupi 170 pa sekondi, zomwe zimakwana kuboola mutu wa khoswe pa mamita 10, ndiponso ndi mphamvu yomwe amagwiritsa ntchito a mpikisano wa mamita 10 ku Olympics. Zija za 1200 fps amaziyeza ndi timapeleti topepuka kwambiri, ndipo peleti ikapitirira liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi, imalira kuti thwa! agalu a mudzi onse kudzuka, kulunjika kwake nakonso kumasokonekera.

Kukula kwa peleti kodziwika kulipo kuwiri, 4.5mm yomwe amalemba .177 ndi 5.5mm yomwe ndi .22. Pa mfuti yofooka tengani 4.5mm, imayenda mowongoka ndipo mapeleti ake ndi otsikirapo mtengo. Zija zoponya timipira tachitsulo ta BB zisiyeni, tachitsulo timanjanja pakhoma n'kubwerera kumaso kwanu, pamene peleti ya mtovu nthawi zambiri imaphwanyika.

Mtundu wake, kuno kwathu ya sipulingi yothyola mpope ndiye yopanda mavuto, mumathyola, kuika peleti, kutseka, basi. Za CO2 zimafuna timabotolo ta gasi toti mukatipeza kuti ku M'baluku kuno ku Mangochi, komanso gasiyo amasintha mphamvu ndi kutentha, nde taganizani dzuwa la Okutobala la kuno. Za PCP, zomwe mumapoperatu mpweya mu kathanki kake, ndi zabwino zedi, zachete, sizigwedeza, koma mtengo wake plus pampu yake yapadera ndi nkhani ina. Mayina ngati Gamo ya ku Spain, Hatsan ya ku Turkey, Diana ndi Weihrauch za ku Germany mudzawamva, Weihrauch HW30 ndi chitsanzo cha kamfuti kofatsa kamene ndikunena. Zotchipa za ku China zija zimagwira ntchito koma tiliga yake imakhala yolimba ndipo zina sefuti yake, kaloko koletsa kuwomba mwangozi, si yodalirika.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi yakuti kuseri kwa chimene mukuwombera kuli chani. Mipanda yathu yambiri ndi ya bango kapena udzu, peleti imadutsa pamenepo ngati palibe kanthu, ndipo kuseri kwake mwina kuli mayi akutsuka mbale kapena mwana ali kubafa. Lata nalo si chotchinga, khoma la njerwa limatha kubweza. Mchenga kuno tili nawo waulere, dzazani matumba awiri atatu a feteleza muwasanje kutsogolo kwa khoma, kapena katoni yaikulu yothinitsa nsanza ndi manyuzipepa, ndipo chilichonse chimene mukuwombera chikhale patsogolo pa chimenecho, mfuti yoloza chakumunsi. Osawombera m'mwamba mumtengo wa mango, peleti ikaphonya imapita mamita mazana angapo, osawomberanso pamadzi kunyanja kapena ku Shire chifukwa imadumpha pamwamba pa madzi n'kupita komwe kuli asodzi.

Khoswe musamuyandikire kaye, yambani ndi pepala. Jambulani kadontho, yezani mamita 10, khalani pampando. Mfuti ya sipulingi ili ndi khalidwe lake, imagwedezeka peleti isanatuluke, nde mukaifinya mwamphamvu kapena kuigoneka pa thabwa louma mapeleti amamwazikana. Igonekeni pachikhatho chotambasula, malo omwewo nthawi zonse, paphewa ingokhudzani, tulutsani mpweya pang'ono ndi kukoka tiliga pang'onopang'ono osati kuikhadzula, ndipo mukawombera musadzutse mutu msanga kuti muone. Wombani kasanu musanagwire zosinthira cholozera, mukaona pamene aunjikana ndi pomwe mukusuntha cholozera chakumbuyo kupita mbali imene mukufuna peleti ipite. Mapeleti asanu akamalowa malo oti chitsekerero cha botolo la Fanta chikuphimba, mwakonzeka. Zikakanika yesani mtundu wina wa mapeleti, mfuti iliyonse ili ndi amene imagwirizana nawo. Nthawi ya mwera, Juni mpaka Ogasiti, yesererani mmamawa mphepo isanadzuke, kapeleti ka theka la galamu sikalimba pa mphepo imeneija. Sikopu, galasi loonera patali loika pamwamba pa mfuti, si yofunika pa mtunda uwu, ndipo yotchipa imafa msanga pa mfuti ya sipulingi chifukwa imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Masewera enieni ali pomwepa, zitini, zitsekerero, chitsononkho choimika pamchenga, Loweruka masana ndi anzanu awiri atatu, aliyense kuseri kwa wowombera, mowa ukatha masewera osati pakati. Mabotolo agalasi ayi.

Makoswe tsopano. Khoswe amaopa chinthu chachilendo, nde masiku angapo muzingomuikira nyambo osawombera. Chiponde ndiye chabwino, chipakeni pa kathabwa patsogolo pa matumba a mchenga aja, chifukwa chimanga kapena usipa amangotola n'kuthawa nazo pamene chiponde amayenera kuima n'kumanyambita. Kukangoda khalani phee pa mtunda womwe munayeserera uja, tochi ikhale yofiira kapena ikulungeni ndi pulasitiki yofiira poti kuwala kofiira sakuona bwino. Lozani pamutu, pakati pa diso ndi khutu. Ngati akungoyendayenda dikirani, kumulasa pamimba ndi nkhanza ndipo amakafera kudenga n'kukununkhitsirani nyumba sabata yonse. Wakufayo musamugwire ndi manja, mkodzo wake ndi utitiri wake zimafalitsa matenda, mutoleni ndi fosholo mukamukwirire mozama, osapatsa mphaka chifukwa cha mtovu uja. Ndimaikonda njira imeneyi kuposa mankhwala a pamsika omwe amapha nkhuku ndi agalu omwe, koma tisanamizane, ngati madeya ali mbwee pansi ndipo mabowo simunatseke makoswe ena abwera, misampha nayo ipitirire.

Anyani ndi apusi a ku Monkey Bay ndi ku Chembe amakwiyitsa zedi koma mfuti iyi singawaphe, ingowavulaza, komanso kumeneko ndi m'mphepete mwa Lake Malawi National Park, nkhani yake imathera kukhoti. Nkhwazi musayerekeze n'komwe. Kadzidzi kaya mumamuganizira zotani, ndi amene akukudyerani makoswe ulere. Mbuzi, galu kapena mphaka wa aneba "kungomuopseza" ayi, peleti imalowa m'thupi.

Kusamala kwake n'kochepa. Chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri msanga, nde mukamaliza pukutani chitsulo ndi kansanza ka mafuta pang'ono, koma musathire oyilo pa kabowo kotulukira mpweya, amapsa mkatimo n'kuwononga sipulingi ndi labala yake. Musawombe mulibe peleti, musaisiye yokoka usiku wonse, ndipo poika peleti dzanja limodzi ligwire mpope osausiya chifukwa ukabwerera wokha umatha kudula chala. Sambani m'manja mukagwira mapeleti, ndipo mfuti itsekereni mu kabati, kachitini ka mapeleti kwina kumene ana sangafike.