Mlonda wa panjanji asagwire ntchito ina

Akapitawo a magulu okonza njanji, musanatsitse zida yambani mwawerengera masekondi. Sitima yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Yesani nthawi imene gulu lanu limatenga kuti lisiye ntchito, lichotse jeke, zitsulo ndi mafosholo, n'kukaima pambali. Tinene kuti ndi masekondi 15. Onjezerani 10, chifukwa munthu ayenera kukhala ataima kale poteteka sitima isanafike, kenako 5 oti mlonda, munthu woyang'ana ngati sitima ikubwera, atembenuke ndi kuliza wezulo. Onse pamodzi ndi masekondi 30, kutanthauza kuti mlonda azitha kuona mamita 500.

Aziona mtunda umenewu mbali zonse ziwiri. Njanji zathu, monga ya ku Nkaya kukafika ku Nayuchi, ndi mzere umodzi, ndipo sitima imatulukira kulikonse. Musadalire mabuleki a dalaivala: sitima yodzaza malasha a ku Moatize siima pafupi. Musadalirenso makutu, poti mphepo imabweza phokoso.

Pakhona, kapena pamene tsekera wakula m'dzinja n'kutseka maso, ikani mlonda wachiwiri kutsogolo ndi mbendera, pamalo poti woyamba azimuona nthawi zonse. Chifunga chikagwa, kapena mtunda ukapanda kukwanira, ntchito iime mpaka oyang'anira kayendedwe ka masitima atatseka njanjiyo.

Mlonda asagwire fosholo, asanyamulire mnzake bawuti, foni ikhale m'thumba. Zimenezi zimavuta anthu akachepa, kapitawo n'kumaona ngati munthu wangoima chabe. Musamupatse ntchito ina. Mlonda akatopa kapena akafuna kupita kuseri, onse achoke panjanji mpaka wina atalowa m'malo mwake.

Samalani kwambiri ndi makina aphokoso. Pa 3 July 2019, ku Margam ku Wales, anthu awiri ogwira ntchito panjanji anagundidwa ndi sitima n'kufa. Anali atavala zotseka m'makutu chifukwa cha makina, ndipo panalibe mlonda woikidwa mwadongosolo. Dalaivala analiza hutala koma anthuwo sanamve. Pamene jenereta kapena makina omangira mabawuti akulira, wezulo ndi wachabe. Pakhale munthu woima pafupi, wochenjeza pogwira paphewa.

M'mawa uliwonse lizani chenjezo loyesera aliyense ali pamalo ake, makina akulira. Lozani ndi chala pothawira, kuti wina asathamangire pamlatho kapena panjanji ina ya pasiteshoni. Aliyense akafika poteteka akweze dzanja, ndipo asabwerere mpaka kapitawo atanena.