Revolver yoyamba: musathamangire kakang'ono kolowa m'thumba

Anthu ambiri akangopeza laisensi ya mfuti maso awo amagwera pa karevolver kakang'ono kaja (revolver ndi mfuti yam'manja yokhala ndi silinda yozungulira momwe mumalowa zipolopolo), kopepuka, kampope kafupi, amati poti ndi kakang'ono ndiye kuti nkosavuta kwa munthu woyamba kumene. Ine ndikuti ayi ndithu. Ndaonapo anthu angapo akugula kotereka, kuwombera ulendo umodzi dzanja nkuwawa, basi nkukatsekera osakakhudzanso, ndiye mfuti yomwe simuphunzira nayo ili ndi phindu lanji?

Koma tisanafike kumeneko, za malamulo muyambire pomwepo. Dziko lililonse lili ndi zake, kwina munthu wamba saloledwa nkomwe kukhala ndi mfuti yam'manja, kwina amafuna maphunziro ndi umboni woti muli ndi posungira pokhoma. Kafunseni ku ofesi yopereka malaisensi musanapereke ndalama kwa aliyense, ndipo mugule kwa wogulitsa wovomerezeka basi.

Tsono nkhani ya kulemera. Chipolopolo chikamatuluka mfuti imakankha chakumbuyo, ndipo chomwe chimameza kukankhako ndi kulemera kwa mfutiyo. Smith & Wesson 642, imodzi mwa tating'ono totchuka ija, imalemera magalamu 400 ndi pang'ono, pomwe Ruger GP100 kapena Smith & Wesson 686 ya mpope wa mainchesi 4 imapitirira kilo imodzi. Muike chipolopolo chofanana mu ziwirizi mumva nokha kusiyana, yaikuluyo imangodzuka pang'ono nkubwerera pomwe inali, kakang'onoko kamamenya chikhatho ngati mwaomba dzanja pachitsulo. Ndiye thupi limaphunzira msanga zedi, mukangowombera kangapo mumayamba kuphethira ndi kuweramitsa mpope mfuti isanalire nkomwe, ndipo chizolowezi chimenechi kuchichotsa kwake ndi ntchito ya miyezi. Komanso pa mpope wa mainchesi 2 tizitsulo toloserapo timakhala moyandikana kwambiri, kugwedeza pang'ono chabe chipolopolo chapita kwina. Tating'onoti ndi mfuti zabwino inde, koma ndi za munthu amene wazolowera kale.

Ndiye malangizo anga ndi awa: revolver yachitsulo yapakatikati, mpope mainchesi 3 kapena 4, ya zipolopolo 6, yolembedwa .357 Magnum pampope. Musaope dzinalo. Ubwino wake ndi woti mfuti ya .357 Magnum imawomberanso zipolopolo za .38 Special, chifukwa .357 yomwe inatuluka mu 1935 anaitenga ku .38 Special yakale ija ya 1898, kunenepa kwa chipolopolo nkofanana, anangotalikitsa chikhokhombe chake ndi mamilimita atatu kapena kuposerapo pang'ono kuti chisalowe mu mfuti zakale zomwe sizingapirire mphamvu yake. Ndiye inu muziphunzira ndi .38 yofewa bwino, yosakankha kwambiri, ndipo tsiku lomwe mwakhwima mudzayesa .357 mu mfuti yomweyo osagulanso ina. Chimodzi chokha, mukawombera .38 yambiri muzitsuka mabowo a silinda, pamatsala kamwaye kozungulira komwe kamapangitsa .357 kuvuta kulowa.

Ena amayambira pa revolver ya tizipolopolo tating'ono ta .22 LR ndipo sindingawatsutse, siikankha, siisokosa kwambiri, zipolopolo zake nzotchipa kuposa zinazi ndiye mumawombera zambiri, Smith & Wesson 617 imanyamula mpaka 10. Pophunzirira ndi yabwino kwabasi. Kungoti trigger (kachitsulo komwe mumakoka ndi chala powombera) ya revolver ya .22 nthawi zambiri imakhala yolimba ndipo zipolopolo zake zimakana kulira pafupipafupi kuposa za .38, ndiye ngati mukugula mfuti imodzi yokha yoti mudalire, ine ndimabwererabe ku .357 ija.

Za kawomberedwe, sankhani ya double action yokhala ndi hamala yoonekera, kachitsulo kakumbuyo komwe kamamenya kuti chipolopolo chilire. Imeneyi mutha kungokoka trigger, iyo nkuzunguza silinda, kukweza hamala ndi kuigwetsa, kapena mutha kukoka hamala ndi chala chachikulu kaye ndiye trigger imafewa kwambiri. Za single action zokha, zomwe mumayenera kukoka hamala nthawi iliyonse musanawombere, zonga Colt ya 1873 ija, nzokongola koma mumaika ndi kuchotsa zipolopolo chimodzi pambuyo pa chinzake, komanso zakale zenizeni zilibe chotchinga pakati pa hamala ndi chipolopolo moti ikagwa imatha kulira. Zamakono zambiri zili ndi kachitsulo kotchinga kameneka, funsani wogulitsa akuonetseni.

Apa ndiye pofunika mtima pansi: igwireni musanagule. Olo anthu aitame bwanji, ngati siikukwana dzanja lanu si yanu. Tsegulani silinda muone ndi maso anu kuti mabowo onse ndi opanda kanthu, olo wogulitsa wangoyang'ana kumene inunso yang'anani, kenako gwirani mpope utaloza kopanda munthu. Chala chanu chifike pa trigger mpaka pamfundo yoyamba popanda kupotokola dzanja, ndipo mukapempha chilolezo kokani pang'onopang'ono. Trigger ya double action imafuna mphamvu ya pafupifupi makilo 5, ndiye ngati mukulimbana nayo mpaka mpope ukuvina kapena mukufuna zala ziwiri, yesani ina. Chogwirira chokha chisakudandaulitseni kwambiri, pa revolver chimasinthika mosavuta, mutha kuika charabala chachikulu kapena chochepa malinga ndi chikhatho chanu. Ngati kuli malo ophunzirira kuwombera komwe amabwereketsa mfuti, pitani mukayese ziwiri zitatu pamaso pa mphunzitsi, zimenezo zikuuzani zambiri kuposa zomwe ndalemba pano.

Chinthu china chomwe anthu ozolowera pistol, mfuti yam'manja yopanda silinda, amavulala nacho: pakati pa silinda ndi mpope pali kampata, ndipo mfuti ikalira pamatuluka moto ndi mpweya wamphamvu chakumbali. Chala chilichonse chisapitirire kutsogolo kwa silinda, pa .357 chikhoza kung'ambika zoona.

Yogwiritsidwapo kale ingakhale yabwino, ma revolver amakhalitsa, bola muiyang'ane bwino ilibe zipolopolo. Kokani hamala pang'onopang'ono pa bowo lililonse, silinda iyenera kukhoma hamala isanafike kumapeto. Itakhoma choncho igwedezeni, kusewera pang'onong'ono nkwabwinobwino koma ikamagwedera chammbali kapena kutsogolo ndi kumbuyo isiyeni. Unikani mumpope muone dzimbiri kapena potupa, yang'ananinso ming'alu kumayambiriro kwa mpope pomwe chipolopolo chimalowera. Masikuluwu okumbikakumbika akusonyeza kuti wina anaitsegulapo osadziwa chomwe akuchita. Mukakayika itengereni kwa katswiri wokonza mfuti.

Ndipo ndalama zonse zisathere pa mfuti. Siyaniko za bokosi lachitsulo lokhoma, makamaka ngati pakhomo pali ana kapena munthu amene akuvutika maganizo, chifukwa revolver yambiri ilibe kabatani ka safety, amene wakoka trigger yalira basi. Zotseka m'makutu ndi magalasi nazonso mugule tsiku lomwelo, kulira kwa .357 kumawononga makutu ndipo sabwerera. Zotsalazo zipite ku zipolopolo za .38 ndi kwa mphunzitsi, ndipo tsiku loyamba muyambe pafupi, mamita 5 okha, chala kunja kwa trigger mpaka mwaloza, chipolopolo chimodzi, kupuma, kenako china.