Wosinza masana m'munda musamutche waulesi

Dzinja lino ndayenda m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, ndipo chimene chandipweteka mtima n'chimodzi. Munthu akusinza dzuwa lili paliwombo, khasu lili m'manja, abale n'kumati watopa ndi kupalira. Sabata yoyamba amugulira panado pa okala. Yachiwiri LA, osayezetsa n'komwe. Yachitatu ati amulodza, mbuzi yapita kwa sing'anga. Pofika apo udzu wameza chimanga, feteleza wa ngongole uja wanenepetsa kaufiti, wodwala sakuzindikiranso mkazi wake.

Kodi mwaiwala kuti kuno kuli kashembe, ntchentche yoluma ija imene imafalitsa matenda a kaodzera? Kaodzera wa kuno, wa ku Kasungu ndi wa ku Vwaza si wochedwa ngati wa ku Congo amene amatha zaka. Wathuyu amafika ku ubongo pa masabata ochepa, ndipo popanda mankhwala amapha miyezi isanachuluke. Chomwe chimapusitsa n'choti amayamba ngati malungo ndithu: thupi kutentha, mutu, kuphwanya kwa m'mfundo. Ndiye aliyense m'mudzi amasanduka dokotala.

Mayi wina anandifotokozera za amuna awo, mlimi wa mpunga amene amakonda kukawedza ku Bua. Anabwerako ndi chithupsa pa katumba, anapakapo phulusa n'kuiwala. Kenako usiku ankangozungulira pabwalo, masana n'kumagona mbamu ya nsima ili m'dzanja, ana akuseka. Apongozi anagamula kuti ndi mowa. Anawatengera ku chipatala pa kabaza atawamangirira ndi chitenje kuti asagwe. Anachira, koma chaka chimenecho mpunga sanawokere.

Sindikunena kuti kufooka kulikonse ndi kaodzera. Ena ndi kuchepa kwa magazi, makamaka amayi oyembekezera, ena likodzo, shuga kapena TB. Koma m'mene ndikudziwira, pa okala palibe makina oyezera magazi.

Tsono chitani izi. Akakuyezani malungo osawapeza, kapena LA watha koma thupi likutenthabe, bwererani msanga, muwauze adokotala kuti mumayandikira nkhalango ndipo mupemphe kuti aunike kaodzera. Mankhwala alipo, m'zipatala za boma ndi aulere. Polowera kutchire valani zamanja aatali, zosakhala zakuda kapena zabuluu chifukwa kashembe amazitsatira. Ndipo nsalu za misampha ya kashembe zija musamazichotse n'kukasokera makatani.