Momwe mungasamalire mwana wakhanda kuyambira kuchipatala mpaka kutuluka m'chikuta

Ana anga ndi awiri. Woyamba anatsala pang'ono kundichoka m'manja ali ndi masiku asanu ndi limodzi, wachiwiri chikuta chake chinadutsa popanda vuto. Anzanga atatu kuno ku Area 36 ku Lilongwe ndi oyembekezera ndipo mafunso awo ndi amodzimodzi, ndiye ndati ndilembe pano kuti enanso awerenge. Ine si namwino, ndine mayi amene anadutsamo. Za sikelo sindinenapo, ndikukhulupirira kuti mukupita kale, mukumwa mankhwala owonjezera magazi ndi Fansidar uja, ndipo mukugona m'neti.

Choyamba, chikwama

Longedzani mwezi wachisanu ndi chitatu ukangoyamba. Zitenje zisachepere zisanu ndi chimodzi, ndipo zikhale zochapachapa, chifukwa chitenje chatsopano chimakhala chouma gwa, sichimwa madzi, chimakanda mwana. Beseni, kandowa, pepala lapulasitiki lakuda loyala pabedi, thonje kapena mapadi aakulu aja, sopo, kapu, mbale, fulasiki, tochi. Za mwana: zipewa ziwiri, masokosi, matewera, kabulangete. Za lumo latsopano ndi ulusi funsani kusikelo kwanu, chifukwa zipatala zimasiyana. Buku lanu la kuchipatala ndi chiphaso cha unzika muike m'kajumbo pamwamba penipeni.

Zovala zamwana musataye nazo ndalama m'mashopu, amazisiya zisanathe n'komwe. Ine ndimapita kumsika wa Tsoka m'mamawa akangomasula belo. Chitsikireni kwacha ndi 44% mu November 2023, ndalama imene ndinagulira zovala zonse za mwana woyamba inangokwana theka la za wachiwiri, ndiye nenererani mtengo mopanda manyazi. Mukafika nazo kunyumba chapani, yanikani, kenako sitani mbali zonse. Kusitako si kudzionetsera ayi. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zoyanika, ndipo khungu la khanda silichedwa kuboola. Mapampasi ogulitsa limodzilimodzi pabenchi, amene akhala padzuwa ndi pafumbi tsiku lonse, ine ndinawasiya. Bola kusonkherana ndi mnzanu n'kugula paketi yotseka.

Chachiwiri, mayendedwe ndi wodikirira

Matenda amakonda kuyamba usiku. Khalani ndi manambala a oyendetsa galimoto awiri, osati mmodzi, ndipo mugwirizane mtengo kukadali masana, chifukwa wa 2 koloko usiku amatchula mtengo akuona nkhope yanu ikumva ululu. Mafuta akamasowa mutauni muimbireni pasadakhale aone kuti m'thanki muli kanthu. Kabaza ayi. Ndalama ina ikhale mufoni, ina m'manja. Wodikirira akhale munthu wamphamvu zake, wotha kuchapa, kuphika ndi kuthamanga kukaitana azamba, osati woti inuyo muzimusamaliranso.

Nsupa ikasweka, mukaona magazi, mutu ukamawawa kwambiri kapena maso akamachita chidima, mwana akasiya kugunda m'mimba, nyamukani nthawi yomweyo osadikira kuti kuche. Amene munachirapo ndi opareshoni musadikire n'komwe kuti matenda akule, ndipo pachipatala chaching'ono adzakutumizani kuchipatala cha Bwaila kapena ku Ethel Mutharika, mbali ya amayi oyembekezera pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda aja a mwanamphepo musamwe, ngakhale amene wakubweretserani ndi mayi anu okubalani. Amakoka chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, ndipo chiberekero chimatha kuphulika.

Chachitatu, mukangochira

Za m'chipinda chochirira azamba adzakuuzani okha. Inu mukumbukire zitatu. Mwana amuike pachifuwa panu khungu ndi khungu, atavala chipewa, n'kukufunditsani nonse. Ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi, ndi umene umamuteteza ku matenda. Asasambe mpaka patadutsa maola 24, zoyera zapakhungu zija n'zabwino. Musanatuluke onetsetsani kuti walandira katemera wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo, komanso mwalemba fomu ya kalembera wa mwana ya NRB, ofesi ya boma yolembetsa anthu. Dzina mukhale mutagwirizana kale kunyumba, kukonza dzina lolakwika pambuyo pake ndi ntchito yotayitsa masiku.

Chachinayi, mchombo

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndiye mundilole ndifotokoze bwinobwino.

Mwana wanga woyamba anabadwa mu June, kukuzizira. Tikutuluka, anamwino ananena momveka kuti pamchombo tisapakepo kanthu, pazikhala pouma. Ndinamva, koma mutu unali pa ululu wa pamene anandisoka. Apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi kudzandithandiza, ndipo anandithandizadi: madzi osamba, phala lansinjiro m'mawa uliwonse, kuchapa matewera manja ali gwa ndi chisanu. Nkhawa yawo inali imodzi. Kwathu timakhulupirira kuti mchombo ukagwera pamaliseche a mwana, mwanayo sadzabereka. Ndiye anang'amba kansalu n'kumanga pamimba pa mwana kuti mchombo usayende, ine n'kumangirira thewera pamwamba pake. Mkodzo wonse unkathera m'kansalu kaja.

Tsiku lachinayi mchombo unali wofewabe, wonyowa. Apongozi anati, "Mwana wanga, kwathu mchombo sufika lero usanagwe. Pali chimene chikuuchedwetsa." Mtima unandigunda. Tsiku lomwelo ndinatuma mlamu wanga kwa mayi wina amene amayala zinthu za ana pamsika wina, amene anandiuzapo ndili woyembekezera kuti, "Asisi, ndili ndi ufa woumitsa mchombo masiku awiri okha, amayi onse amatenga kwa ine." Kanali kabotolo kopanda dzina, kopanda tsiku, ufa wotuwa ngati phulusa. Palibe anandikakamiza. Ndinathira ndekha ndi dzanja langa, m'mawa ndi madzulo.

Usiku wa tsiku lachisanu ndi chimodzi mwana anakana bere. Ankangoligwira n'kulisiya, kulira kwake kofooka ngati kamwana ka mphaka. Nditamasula kansalu kaja fungo linandimenya. Khungu lozungulira mchombo linali lofiira, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo la Fanta, lotupa, lotentha, ndipo m'tsinde mwake munkatuluka mafinya. Apa ndinalakwitsanso kachiwiri: tinati tidikire kuche. Maola asanu amenewo ndimawaganizirabe mpaka lero.

Pachipatala chathu chaching'ono anamwino anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, "Mayi, mwapakapo chiyani apa?" Ndinatulutsa kabotolo kaja. Sanandikalipire. Anamubaya mwana jakisoni woyamba n'kutilembera kalata ya ku Central. Tinagonako sabata yathunthu, kanula ali pakadzanja kochepa ngati chala changa chachikulu, mankhwala akulowa usana ndi usiku. Adokotala anandifotokozera kuti mchombo ndi bala lotseguka limene mitsempha yake imalowera m'kati mwa thupi, ndiye tizilombo tikalowa pamenepo sitichedwa kufika m'magazi. Phulusa, dothi, ndowe, zonsezi n'zimenenso zimalowetsa kafumbata. Mwana wanga anachira. Lero akuthamanga pabwalo, koma sindikufuna mayi wina akakhale pa benchi ija mmene ndinakhalira ine.

Ndiye chitani chonchi. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire mchombo, ndipo aliyense wofuna kunyamula mwana asambenso, kaya ndi abusa kaya ndi agogo. Musapakepo chilichonse: ufa, paudala, Vaseline, mafuta ophikira, phulusa, madzi a masamba, mkaka wam'mawere, ayi. Chokhacho chololedwa ndi mankhwala a chlorhexidine ngati akupatsani kuchipatala, mupake mmene akuuzirani, ndipo asayandikire m'maso mwa mwana. Osamanga nsalu pamimba. Pakagwera mkodzo kapena manyi, pukutani ndi madzi owiritsa ozizira n'kuumitsa ndi kansalu koyera. Mpaka mchombo utagwa musamuviike mwana m'beseni, muzingomupukuta. Kapulasitiki kamene amapanira mchombo kuchipatala musakachotse nokha, ndipo mchombo ukalendewera ndi kaulusi kamodzi musaukoke.

Mchombo umagwa pakati pa masiku 5 ndi 15. Uwu ndi mzere umene ndikanaudziwa sindikanatuma munthu kumsika. Tsiku lachinayi usanagwe si vuto. Tsiku lakhumi usanagwe si vuto. Umayamba wotuwa, kenako umada n'kuuma ngati kamtengo, ndipo pogwa pamatha kuoneka kadontho ka magazi. Vuto ndi kufiira kozungulira, mafinya, fungo loipa, kapena magazi osaleka.

Nanga akuluakulu muwatani? Pa mwana wachiwiri sindinakangane ndi apongozi. Ndinawapempha kuti, "Amayi, tiyeni tikamvere limodzi kwa anamwino," ndipo tsiku lotuluka anaima pambali panga akumva okha. Za mchombo kugwera pamaliseche tinapeza njira yosavuta: thewera mulipinde kutsogolo kuti lithere m'munsi mwa mchombo. Mchombo uli pamphepo, maliseche ali ophimbika, ukagwa ugwera pamwamba pa thewera kapena m'malaya. Apongozi anakhutira, ine ndinakhutira. Unagwa tsiku lachisanu ndi chinayi, iwo anautenga n'kukaukwirira monga mwa mwambo wakwawo, ndipo mwambo umenewo suvulaza mwana. Ngati mukuona kuti pakamwa panu sipangathe kuwakaniza, bambo a mwana ndiwo alankhule ndi mayi awo, si ntchito ya munthu amene wangochira kumene.

Zizindikiro izi zilembeni pakhoma: mwana kukana kuyamwa, kutentha thupi kapena kuzizira kwambiri, kupuma mothamanga kapena nthiti kulowa m'kati, kukomoka, kufooka osatakataka, chikasu chofika m'manja ndi kumapazi kapena choyamba tsiku lobadwa lomwelo. Chimodzi chokha mwa izi, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Khanda silidikira kuche.

Chachisanu, bere ndi kutentha

Yamwitsani mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, osampatsa madzi ngakhale mu October. Pa tsiku ayamwe kasanu n'katatu kapena kuposa, usiku womwe. Tsiku lachitatu mabere amalimba ngati miyala. Ikani kansalu kofunda, finyani pang'ono kuti nsonga ifewe, kenako mumuike. Akamwe mbali yakuda yonse ija, osati nsonga yokha, apo ayi mudzachita zilonda. Mukafuna kudziwa ngati akukhuta werengani matewera: kuyambira tsiku lachisanu, onyowa asanu ndi limodzi pa tsiku ndiye kuti zili bwino. Sikelo imatsika pang'ono sabata yoyamba n'kubwerera pofika masabata awiri. Anthu adzakubweretserani chinangwa chachiwisi ndi thobwa kuti mkaka uchuluke, koma chimene chimachulukitsa mkaka ndi kuyamwitsa pafupipafupi, inu mukudya mokhuta ndi kumwa madzi. Timabotolo ta gripe water ndi mankhwala a liwombo ogulitsa m'misika asiyeni komweko. Liwombo likalowa m'kati ndiye kuti mwana watha madzi m'thupi, n'za kuchipatala zimenezo.

Chisanu cha Lilongwe mu June ndi July musachipeputse, koma mbaula m'chipinda chotseka musaike, utsi wa makala umapha mwakachetechete. Chipewa, masokosi, ndi thupi lanu n'zokwanira. Mwana akabadwa wosakwana makilogalamu 2.5 anamwino adzakuphunzitsani kangaru, kutanthauza kumusunga pachifuwa khungu ndi khungu, ndipo bambo ake akhoza kulandirana nanu. Pogona agone chagada, m'neti, nkhope yosaphimba.

Zotsala

Inuyo mayi, mukamataya magazi ambiri, mukatentha thupi, kumusi kukamanunkha, mutu ukamawawa kwambiri, bwererani kuchipatala. Mukaona kuti masabata awiri adutsa mukungolira, mwana simukumufuna, tulo sitikubwera ngakhale iye atagona, uzani anamwino, ndi matenda ndipo amathandizika. Pitani kukaonedwa pakatha sabata imodzi ndi pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo za kulera mukambirane tsiku lomwelo. Katemera wa mwana ndi pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Amene muli pantchito, lamulo limapereka tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu cholipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi masabata awiri. Kalata yake perekani kuntchito musanachire. Alendo odzaona mwana auzeni azibwera masana, ndipo wachimfine aonere pakhomo.