Momwe mungasungire penti wa acrylic kuti asaume mukujambula

Penti wa acrylic sachedwa kuuma. Mukamufinyira pa mbale, pakangotha mphindi 15 kapena 20 amakhala atayamba kale kulimba pamwamba, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala amafulumira kuposa apo. Madzi a mu pentiyo amauluka, chotsalacho n'kugwirana kukhala pulasitiki, ndiye ngakhale muthire madzi sasungunukanso. Ndi mmene penti wakwerera mtengomu, kumutaya chonchi kumapweteka. Njira yake ndi chiwiya chimene ojambula amachitcha wet palette, ndipo mutha kudzipangira nokha pakhomo.

Pezani kontena ya pulasitiki yosazama, ya chivindikiro chothina bwino. Pansi pake yalani siponji yopyapyala, kapena kansalu koyera kopinda kangapo. Thirani madzi mpaka siponjiyo ikhute, kenako pendeketsani kontenayo kuti otsala atayike.

Apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Madzi akachuluka n'kukwera pamwamba, penti amasungunuka n'kuyenderera. Akachepa, pepala limapindika m'mbali ndipo penti amauma monga kale. Mukadina siponji ndi chala, madzi azingoonekera pang'ono, osati kuima.

Pamwamba pa siponji yalani pepala loyala m'matini ophikira makeke, lija amalitcha baking paper. Musatenge lopaka phula, chifukwa silidutsa chinyezi. Lidulani locheperako kuposa kontena, linyowetseni mbali zonse ziwiri, ndipo lisalazeni ndi chala kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya wa pansi utuluke. Pamene patsala mpweya, penti wa pamenepo amauma.

Tsopano finyirani penti pang'onopang'ono chakumbali, pakati musiye posakanizira mitundu. Chinyezi chimakwera kudzera m'pepalalo n'kumalowa m'malo mwa madzi amene akuuluka. Kwa ine, phindu lalikulu ndi lakuti mtundu umene mwavutika kusakaniza, monga wa khungu la munthu, mumaupeza mawa uli womwewo.

Siponji ikayamba kuuma, onjezerani madzi pakona, osati pa penti. Mukaweruka vindikirani ndi kuika pamalo ozizira. Penti wogonera amakhala wamadzimadzi, choncho mutakaseni musanayambe.

Mukamva kafungo kapena kuona chuku, tayani pepalalo, chapani siponji ndi sopo, muyanike padzuwa iume kaye. Penti wamafuta musamuikemo, sagwirizana ndi madzi.