Woonda chifukwa chosowa mafuta a pansi pa khungu musamunenepetse mokakamiza

Pali anthu ena amene thupi lawo silisunga mafuta pansi pa khungu. Masaya amalowa m'kati, matako amaphwa, mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo imaonekera ngati ya munthu wolimbitsa thupi kwambiri, koma mimba ndiye yaikulu. Madokotala amati matendawa ndi lipodystrophy. Ena amabadwa nawo, monga mtundu umene anaufotokoza madokotala awiri, Berardinelli ku Brazil mu 1954 ndi Seip ku Norway mu 1959, ndipo umenewu ndi wosowa zedi. Kuno ku Malawi ambiri anawatengera ku mankhwala a stavudine, amene anali m'ma ARV oyambirira aja a Triomune, dziko lisanayambe kuwasiya mu 2011. Mankhwalawo anasinthidwa kalekale, koma mwa ambiri mafuta amene anachoka sanabwerere.

Achibale akaona munthu wotere amaganiza kuti wanyentchera. Amayamba kumuthirira mafuta ochuluka m'ndiwo, kumugulira mandasi, chipisi ndi zakumwa zotsekemera kuti masaya adzadze. Chonde musatero. Mafuta a pansi pa khungu ali ngati nkhokwe: chakudya chotsala chimasungidwa mmenemo. Nkhokweyo ikapanda kukhalapo, zotsalazo zimakaunjikana m'chiwindi, m'minofu ndi m'magazi. Chiwindi chimatupa, thupi limasiya kumvera insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, ndipo munthu woonda chonchi amapezeka ndi shuga wovuta kutsitsa. Masaya aja sadzadza ngakhale adye bwanji.

Njala nayo imasokoneza. Mafuta a m'thupi ndi amene amatulutsa leptin, imene imauza ubongo kuti munthu wakhuta. Ikachepa, makamaka mwa ana obadwa ndi vutoli, mwana amalirira chakudya atangomaliza kudya kumene. Si dyera ayi, ndipo kumukalipira sikuthandiza. Mupatseni pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo muchulutse zokhalitsa m'mimba: nsima ya mgaiwa m'malo mwa woyera, nyemba, nandolo, usipa, nkhwani, bonongwe. Ndiwo zikhale zowiritsa kapena zootcha, mafuta ongodontheza. Nsinjiro ndi zabwino koma zilinso ndi mafuta ambiri, choncho musamatendere tsiku ndi tsiku. Mwana wamng'ono musamuchepetsere chakudya panokha osafunsa achipatala, poti akufunika kukula.

Mowa ndiye ayi ndithu. Mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides akakwera kwambiri, kapamba (pancreas) amatupa, ndipo mowa umafulumizitsa zimenezi. Munthu akamva kupweteka koopsa chapamwamba pa mimba kofika mpaka kumsana, kwinaku akusanza, musataye nthawi ndi mankhwala a m'golosale. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Yang'anani kuseri kwa khosi ndi m'khwapa. Khungu likada ndi kukhuthala, osayera ngakhale mukhule ndi mwala, si litsiro. Kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti insulin sikugwira bwino ntchito. Kwa amayi, kusamba modumphiza ndi kumera ndevu kumayenderanso limodzi ndi vutoli.

Kamodzi pa chaka, ngakhale munthu akumva bwino, akayezetse shuga, mafuta a m'magazi, chiwindi ndi BP. Poyezetsa mafuta ndi bwino kupita m'mawa asanadye kanthu. Munene momveka kuti thupi linasintha liti komanso mankhwala amene anamwapo kale, chifukwa wachipatala wotanganidwa akaona munthu woonda sathamangira kuganiza za shuga. Shuga akapezeka, nthawi zambiri amayamba ndi mapiritsi a metformin, ndipo ena amafunika insulin yochuluka kuposa odwala shuga anzawo. Kulinso jakisoni wa metreleptin, wolowa m'malo mwa leptin, amene anavomerezedwa ku America mu 2014, koma ndi wodula kwambiri ndipo sanavomerezedwe kwa amene vuto lawo linachokera ku ma ARV.

Amene ali pa ma ARV asasiye kumwa poopa kusintha kwa thupi. Akaona masaya akulowa kapena linunda likumera kuseri kwa khosi, akafotokoze ku kiliniki komwe amalandirira mankhwala kuti aone ngati pakufunika kusintha mtundu wake.